Duwa la Amayi Latuluka Lapinki

Nyumba itagulitsidwa, aliyense anatenga chake. Achimwene anatenga kabati yagalasi ndi mipando ya pabalaza. Achemwali, omwe ndi namwino kutali uko, anaimba foni kuti awasungire mbale zija amayi ankangozitulutsa kukabwera alendo. Mzime, poti ndiye womaliza kubadwa, anamusiyira Ababa.

"Iwe ntchito yako ndi yapakhomo," anatero Achimwene akumangirira katundu pagalimoto. "Ukamasoka uziwayang'ana. Ife timachoka m'mamawa, kubwera dzuwa litalowa."

Ngati kuti makina osokera amadzipalasa okha. Yankho linali kale pamlomo pa Mzime, lotentha bwino, koma Ababa anali ataima pomwepo chipewa chili m'manja, akuyang'ana nyumba yawoyawo ngati munthu wofunsa njira. Anameza mawuwo. Anatenga lumo lake lodulira nsalu, lomwe salola munthu kudulira nalo ngakhale pepala, n'kupita kuseri kwa khitchini kukadula tinthambi pa duwa la malemu amayi ake.

Dzina lake la m'mabuku ndi haidiranjiya, koma pakhomo paja panalibe amene ankavutika nalo lilime. Amayi ankangoti "mipira yanga", chifukwa timaluwa take timaunjikana tambirimbiri n'kukhala chinthu chimodzi chobulungira ngati mutu wa khanda. Kanali kachitsamba kakafupi, kosapitirira m'chiuno, ka masamba otambalala. Mtundu wake unali buluu, buluu weniweni wa yunifolomu yatsopano isanaone sopo. Mzime anakulira pambali pa buluu ameneyo. Ndi pomwe amayi ankamupana ndi maondo Loweruka n'kumamupesa tsitsi iye akulira. Ndi pomwenso Ababa ankakhala madzulo alionse akaweruka ku ntchito yawo yoyendetsa basi, akununkha dizilo ndi thukuta, akusimba za anthu okwera ngati kuti ndi abale awo.

Kumene Mzime ankachita lendi, bwalo linali dzina chabe. Kanali kampata pakati pa khoma la khitchini ndi mpanda wa njerwa wa anansi, pamwamba chingwe choyanikira zovala, pakona mgolo wa madzi. Atakumba anapeza zidutswa za njerwa ndi zibuma za simenti zomwe omanga mpanda anakwirira pothawa ntchito yotaya. Anatola zikuluzikulu, zinazo anazisiya. Tinthambi tija anatibaya m'dothi n'kutivundikira ndi mabotolo apulasitiki odula pakati. Tambiri tinada n'kuola. Kamodzi kokha kanagwira, kanatulutsa timasamba tiwiri ngati makutu a mbewa, ndipo Mzime anakaimbira nyimbo ngati wamisala.

Ababa sanali odwala m'thupi. Ankadya bwino, ankasamba okha, nsapato ankazipukuta mpaka kuwala. Chinawathawa ndi mutu. M'mawa ankakhala pafupi ndi makina n'kumatola timapini pansi, kuwabaya pa kansalu mwadongosolo, akucheza ndi makasitomala ngati munthu wabwinobwino. Koma dzuwa likangopendeka, mthunzi wa mpanda ukafika pa mgolo, ankadzuka, kuvala jekete, kuvala chipewa.

"Ndapita, mwana wanga. Wandisunga bwino. Amayi ako adikira."

"Ababa, kwanu ndi konkuno."

"Kwathu ndi konkuno? Iwe, kwathu ndikusakudziwa ine?"

Akawatchinga, ankakhala pansi mwaulemu n'kudikira kuti makina ayambe kulira. Mzime akatukula mutu, mpando uli wokha. Nthawi zambiri ankakawapeza ku depoti, ataima pa windo la basi akuphunzitsa dalaivala wachinyamata kusintha magiya.

"Tabwerani mudzatenge madala anuwa, asisi," ankatero makondakitala akuseka. "Akuti tonsefe malaisensi tinachita kugula."

"Nanga si zoona?" Ababa ankayankha akukokedwa dzanja. "Galimoto ikulira ngati mbuzi yomangidwa, iye ali phee."

Anthu ankaseka. Mzime sankaseka, chifukwa ankaona mabasi akubwerera m'mbuyo mosayang'ana, ndipo Ababa ali pakati pawo ndi chipewa chawo. Achimwene atamva, nzeru yawo inali imodzi.

"Khoma loko. Masana uziwatsekera kuchipinda, nkhani yatha."

"Nditsekere bambo anga ngati nkhuku?"

"Ndiye udikire akutengere mtembo? Akadzatulukanso kamodzi, ndibwera ndekha kudzakhoma."

Munthu wobwera mwezi ukatha, atanyamula buledi mmodzi, kukhala pang'ono n'kumayang'ana wotchi, ndi amene anali ndi mphamvu yonena za loko. Mzime anamenyetsa foni pa mulu wa nsalu. Akanaimenyetsa pakhoma, koma inali yokhayo.

Chiyembekezo chake chonse anachiika pa kachitsamba kaja. Ankaganiza kuti Ababa sathawa iye, amangofuna malo omwe maso awo akuwadziwa. Mipira ya amayi ikadzatuluka yabuluu pakhoma la khitchini, adzaika mpando pambali pake, ndipo Ababa adzakhala pansi n'kunena okha kuti afika. Choncho anakalera ngati mwana wobadwa masiku asanakwane. Dzuwa likakula masamba n'kugwa makutu, ankasiya diresi pakati pa msoko kukathirira. Madzi akavuta kumpopi, ankakapatsa otsukuluzira zovala. M'mawa uliwonse ankakhuthulira patsinde phulusa la m'mbaula, chifukwa ankakumbukira amayi akuwaza phulusa m'dimba la ndiwo zamasamba, ndipo chimene chinali chabwino kwa ndiwo za amayi sichikanaipira maluwa a amayi.

Chaka choyamba kanangopatsa masamba. Chaka chachiwiri, mvula itakhazikika, kunsonga za nthambi kunaoneka timagulu tobiriwira tonga kolifulawa wamng'ono. Mzime ankatisuzumira m'mawa asanasukusule. Tinakula, tinayera, kenako m'mphepete mwake munayamba kulowa mtundu.

Pinki.

Anadzinamiza kuti mwina amayamba chonchi. Anadikira. Mipira inafufuma, inayi isanu, yokongola mopweteka mtima, yapinki ngati diresi la mwana woperekeza ukwati. Komabe anatulutsa mpando, anawagwira Ababa pamkono n'kuwakhazika pamenepo.

"Taonani, Ababa. Mwawazindikira?"

Anawerama, anayang'anitsitsa, anagwira mpira umodzi ndi nsonga za zala.

"Okongola. Ndi a ndani?"

"Ndi a amayi. Ndinadula kunyumba kuja, kuseri kwa khitchini."

"Ayi," anapukusa mutu mokoma mtima, ngati akukonza mwana wolakwitsa samu. "Akunamiza amene anakugulitsayo. Amayi ako pinki sankamufuna n'komwe. Ankati ndi mtundu wa pitikoti."

Madzulo ake anavala jekete monga mwa masiku onse.

Mzime anaimbira Achemwali, mwina iwo angadziwe.

"Unadula duwa lina iwe," anatero Achemwali, kumbuyo kukumveka phokoso la mawilo a bedi la odwala. "Kuyambira kale ndiwe wopupuluma."

"Panali duwa limodzi lokha pamene paja, Achemwali!"

"Ndiye kaya. Koma mankhwala ukuwapatsa nthawi yake? Uziwapatsa nthawi yake. Ndikuimbira, ndili pa ntchito."

Aliyense ali pa ntchito. Wosoka yekha ndiye amasewera.

Patapita masiku, kunabwera mayi wina wovuta kudzayesa diresi la ukwati wa mwana wake, mayi woti m'chiuno akufuna mothina koma kupuma akufunanso. Kuti Ababa asasowe chochita, Mzime anawaikira tiyi panja pafupi ndi duwa lija, mu tipoti yachitsulo yakale yobwera nayo kunyumba kuja, yomwe palibe anaifuna chifukwa inali yopindika pamlomo. Ali pakati pobaya mapini, anasuzumira pawindo. Ababa anali atagwada pa dothi lonyowa ndi thalauza lawo loyera, atatsegula chivundikiro, akukhuthulira masamba a tiyi patsinde pa duwa, akugogoda tipotiyo ndi chikhatho kuti atuluke onse.

Mzime anatuluka mapini ali kukamwa.

"Basi, basi, Ababa, bweretsani kuno. Mupsa. Dzukani, taonani thalauza. Khalani apa, musagwirenso kanthu, mwamva?"

Anawalanda tipoti, anawakhazika pampando, anawola masamba aja ndi manja n'kukawataya m'bini. Sanakalipe. Analankhula ndi mawu ofewa aja amene anthu amalankhulira odwala ndi makanda. Ababa anamuyang'ana, anayang'ana khomo la khitchini kanthawi ndithu, kenako anaika manja pamaondo n'kuwerama.

Diresi litatheka, mayi uja atapita, pampando panalibe munthu.

Ku depoti anati sanawaone. Kumsika anati sanawaone. Mzime anathamanga misewu yonse yomwe ankaidziwa, patapata mmodzi ataduka, akufunsa ogulitsa makala, ometa, ana obwera ku sukulu. Mumtima ankangomva mawu a Achimwene. Foni inalira dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Anali Anansi, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yawo yakale, mnzawo wa amayi wa zaka zambiri.

"Mzime, usalire. Ali pano. Ndawapeza ataima pageti la kwanu kuja, akugogoda."

Mtunda wonse uja Ababa anayenda wapansi, munthu wokalamba. Mzime atatsika basi anadutsa kaye pa nyumba yawo yakale. Eni ake atsopano anali atapaka penti wachikasu. Anasuzumira pa mpata wa geti. Kuseri kwa khitchini anali atathira simenti paliponse, ndipo pamalo pa mipira ya amayi panaima galimoto yovundikiridwa ndi lona. Anatukwana chamumtima mawu oti amayi akanamutsuka nawo mkamwa.

Ababa anawapeza pakhonde la Anansi, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, akusinza. Anansi anamukokera Mzime kukhitchini.

"Wawatani bambo akowa? Afika akunena kuti kumene akukhala kuli nesi wabwino koma sawalola kugwira kanthu."

Mawuwo anamubaya. Anafotokoza zonse, za loko, za pinki, za phulusa, mpaka za masamba a tiyi. Atafika pamenepo Anansi anaomba m'manja n'kukhala pansi pa kampando, akuseka mpaka misozi.

"Mayo ine! Unawola? Unakataya? Mwana iwe, sukumbukira nkhondo ya tiyi?"

Ankaikumbukira. Inangobwera yonse nthawi imodzi. Madzulo alionse Ababa akatha tiyi ankakhuthulira masamba pa duwa, ndipo amayi ankatulukira pakhomo la khitchini chipande chili m'manja, akukuwa kuti mzere wonse umve. Mzime ali mwana ankathawira kuseri kwa chitseko, akuganiza kuti tsiku lina ukwati udzathera pa tipoti. Chimene anatola pamenepo n'chakuti masamba a tiyi pa maluwa ndi mlandu.

"Amayi ankadana nazo," anatero.

"Ankadana nazo! Ife tinkaikira madzi osamba pamoto tikamva amayi ako ayamba. Tamvera. Ine anandipatsako nthambi ya duwa lomwelo. Ndinabzala apo pomwe ndimataya phulusa, linatuluka lapinki ngati lakolo. Nditadandaula anandinong'oneza kuti, 'Phulusa ayi, simenti ayi, duwa ili limafuna dothi lowawasa. Langa likukongola ndi masamba a tiyi a dalaivala wangayu. Koma musamuuze, angatukumuke.' Zaka zonse zija! Tsiku lina bambo ako atagona ku ulendo, ndinawaona ndi maso angawa amayi ako akukhuthula okha tipoti pamenepo, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba."

"Ndiye ankakalipiranji?"

"Nanga munthu wachoka m'bandakucha, wakhala tsiku lonse ndi makondakitala, ukanamulandira bwanji? Ena amapsompsonana. Awo ankatero."

Anabwerera pa basi, Ababa atatsamira paphewa pake. Mzime ankaganiza za phulusa lomwe anathira mokhulupirika m'mawa uliwonse, ndi madzi a sopo, ndi zibuma za simenti zomwe anazisiya pansi.

M'mawa mwake anadzuka ndi khasu laling'ono. Anapala phulusa lonse, anafukula mosamala mozungulira mizu n'kutulutsa zidutswa za simenti zodzaza ndowa, anathira dothi lakuda la pansi pa mitengo lomwe anakapempha kwa anansi a kuseri. Anansi anali atamuchenjeza kuti asayembekezere zamsanga. Mipira yomwe yatuluka kale idzafota ili yapinki, ndipo buluu akadzabwera ndi chaka china, mwinanso osabwera.

Nkhani inali itawafika kale Achimwene. Anatulukira masana, atavala malaya a ku ofesi, m'manja muli kapepala ka ku sitolo ya zitsulo. Anakhuthulira pa tebulo losokera: loko wonyezimira, chokolowekera chake ndi misomali.

"Hamala uli nayo?"

"Chotsani zimenezo pa nsalu za anthu."

"Mzime, tinagwirizana."

"Tinagwirizana ndi ndani? Inu mumalankhula, ine ndimamva, ndiye kugwirizana kumeneko? Mwawasambitsapo liti? Mukudziwa kuti amadya chiyani, amaopa chiyani? Dzulo ndathamanga tauni yonse ndi phazi limodzi, inu munali kuti?"

"Ndinali pa ntchito."

"Ine ndinali ku dansi!"

"Usandikweze mawu, ndine mkulu wako."

"Ukulu wake ndi umenewu, wobwera ndi misomali?"

Achimwene anapuma mozama. Nkhope yawo inali yotopa, ndipo kwa kanthawi anaoneka ngati mnyamata uja ankamubereka popita ku sukulu.

"Ukuganiza kuti ine sizikundipweteka? Dzulo sindinagone. Ndikungoona galimoto itawagunda. Ndiuze njira ina, ndiimva."

Njira ina Mzime analibe yoti angailumbirire. Anali ndi kanthu kamodzi kosayesedwa, koti kakalephereka pamaso pa Achimwene, hamala ilira lero lomwe. Anayang'ana pawindo. Mthunzi unali utafika pa mgolo. Chitseko cha kuchipinda chinatseguka, Ababa anatuluka atavala jekete ndi chipewa, akutsimphina ndi matuza a dzulo.

"Ndapita, ana inu. Amayi anu adikira."

"Mwaona?" ananong'ona Achimwene.

"Imwani kaye tiyi, Ababa," anatero Mzime. "Wapsa kale. Munthu sanyamuka ulendo kukhosi kuli gwa."

Anawatsogolera panja, anawathirira, masamba anaika ochuluka dala. Tipoti anaisiya pansi pafupi ndi phazi lawo n'kubwerera kukhitchini. Achimwene anaima pakona pa mgolo, loko ali m'manja. Ababa anamwa pang'onopang'ono, jekete ili pathupi, maso ali kugeti. Atamaliza anaika kapu pansi n'kudzuka. Anakonza chipewa. Anaponya phazi limodzi cha kugeti, ndipo phazilo linagunda tipoti.

Anaiyang'ana. Anayang'ana duwa. Anayang'ana khomo la khitchini mwakabisira, ngati mwana woba shuga. Kenako anawerama, anatsegula chivundikiro, n'kukhuthula, akugogoda ndi chikhatho. Atatha sanaweramuke. Anangokhala choncho, tipoti ili m'manja, khutu atalozetsa kukhitchini.

Mzime anatola chipande. Kukalipira bambo ako si chinthu chopepuka, ngakhale kwa munthu wa mkamwa motentha ngati iye. Anatulukira pakhomo, dzanja lina m'chiuno, n'kutulutsa mawu onse omwe anali nawo.

"Mwayambanso inu! Kodi maluwa angawa ndi dzala? Tsiku lililonse, tsiku lililonse! Munthu wamkulu ndevu pepeya, bini simukuiona? Mundipha ndi mtima inu adalaivala!"

Kuseri kwa mpanda wina anazimitsa wailesi. Achimwene anatsegula pakamwa. Mapewa a Ababa anayamba kugwedezeka. Anaweramuka pang'onopang'ono, anavula chipewa n'kuchigwira pamtima, nkhope yonse itachita makwinya a chimwemwe.

"Pepani, bwana. Galimoto yaphonya siteji."

"Iphonye siteji tsiku lililonse? Laisensi yake munaitola kuti?"

"Mawa sindidzachitanso."

"Dzulo munateronso!"

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Mzime anatembenukira kukhoma msanga kuti asaone nkhope yake, chifukwa mawu aja sanatuluke ngati ake, anatuluka ndi kakusasa komwe kanali ka amayi. Atacheuka, Ababa anali akuvula jekete. Anaikoloweka pa chingwe choyanikira, pakati pa masiketi a makasitomala, n'kukhala pampando, miyendo atatambasula.

"Koma maluwa ako afuwa chaka chino," anatero akuyang'ana mipira yapinki ija. "Ukuwathira chiyani?"

"Ndi masamba anu a tiyiwo."

"Ayi, ndiye awonjezere. Achepa."

Achimwene anayandikira kukhomo la khitchini, akulankhula motsitsa.

"Zagwira lero. Nanga mawa?"

"Mawa ndidzakalipanso."

"Akadzatuluka?"

"Ndidzakawatenga. Ndipo inu mudzandiperekeza, pa ntchito kapena ayi. Loko bwererani naye. Ngati mukufuna kuthandiza, muzibwera kudzamwa nawo tiyi, masamba achuluke."

Achimwene anatembenuza loko uja m'manja. Ababa anawaona ataima pamenepo, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati munthu wokwera wopanda tikiti.

"Iwe mnyamata, waimiriranji? Khala pansi, basi siinyamuka pano."

Mpando wina panalibe. Achimwene anaika loko m'thumba la thalauza, anazondotsa ndowa ija inali ndi simenti, n'kukhalapo ndi malaya awo a ku ofesi, maondo ali m'mwamba. Mzime analowa kukateleka madzi ena.